Kupita ku Nyika ndi ku Vwaza pa Gulu Laling'ono: Kakonzedwe Kake ndi Komwe Ndalama Zanu Zimathera

Mukafuna kukaona nyama ku Nyika ndi ku Vwaza, yambani mwagwirizana za chiwerengero cha anthu. Anthu 6 ndiye gulu labwino, ndipo mukachulukitsitsa musapitirire 8. Land Cruiser kapena Hilux imodzi imanyamula anthu 4 kapena 5 pamodzi ndi katundu wa sabata yathunthu, choncho anthu 8 amakwana m'galimoto ziwiri, ndipo galimoto ziwiri ndi zimene zimafunika pa msewu umene ina ikatitimira mungadikire theka la tsiku osaona wodutsa. Poyenda wapansi, mlonda mmodzi wa mfuti amatha kuyang'anira anthu amene akuwaona onse akacheuka kamodzi. Mzere ukatalika kufika anthu 15, akumbuyo samva malangizo, akutsogolo amathamangitsa nyama, ndipo kanjira ka m'udzu kamasanduka mseu.

Nyika ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ya masikweya kilomita opitirira 3,000, ndipo mbali yake yaikulu ili pamwamba pa mamita 2,000. Inakhazikitsidwa mu 1965, n'kukulitsidwa mu 1978. Nsonga yake yaitali, Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Kumadzulo kwake kuli kachigawo kakang'ono ka Zambia, ka masikweya kilomita 80, komwe kuli nkhalango ya Chowo. Vwaza ili kumunsi, kum'mwera chakumadzulo, ndipo ndi dziko lotentha la madambo ndi mitengo ya tsanya ndi mombo, la masikweya kilomita pafupifupi 1,000. Malo awiriwa ndi oyandikana koma amasiyana kwambiri, moti chikwama cha munthu mmodzi chiyenera kukhala ndi jekete lochindikala la usiku wachisanu komanso malaya opepuka a manja aatali oteteza ku kashembe.

Msewu ndi mafuta

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 360, ndipo kuchokera ku Mzuzu kufika pa Rumphi ndi ena pafupifupi 65. Tsiku loyamba lithere pamenepo. Cholakwa chofala n'chofuna kuchoka ku Lilongwe m'mawa n'kukagona ku Chelinda, msasa waukulu wa alendo m'kati mwa Nyika, tsiku lomwelo. Pa mapu zimaoneka zotheka, chifukwa kuchokera pa Rumphi kufika ku Chelinda ndi makilomita ongopitirira 110, theka lake kufika pa geti la Thazima kudzera ku Bolero, theka linalo m'kati mwa paki. Koma makilomita amenewa amadya maola 4, mvula ikagwa amaposa apo, ndipo geti limatsekedwa dzuwa likamalowa. Nyamukani pa Rumphi isanakwane 8 koloko m'mawa, mutafunsa madalaivala a matola a ku Bolero ndi ku Hewe mmene msewu ulili sabata imeneyo.

Mafuta omaliza odalirika ali pa Rumphi, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta muthire ku Mzuzu. Kuwerengera kwake n'kotere. Kupita ndi kubwera ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 230. Kuzungulira m'paki masiku atatu, makilomita 50 patsiku, ndi 150. Kupatukira ku Vwaza, komwe geti la Kazuni lili makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Rumphi, pamodzi ndi kuzungulira m'katimo, ikani 100. Zonse pamodzi ndi 480. Galimoto ya dizilo yodzaza katundu, yokwera mapiri pa magiya aang'ono, imayenda makilomita 7 pa lita, kutanthauza malita pafupifupi 70. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi la kusochera ndi kubwerera, mupeza malita 85 mpaka 90. Thanki yodzaza pamodzi ndi zigubu ziwiri zachitsulo za malita 20 zikukwanirani. Injini yopanda turbo imafooka pamwamba pa phiri chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndipo pa mamita 2,300 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake. Musaikakamize pa giya yaikulu.

Galimoto iliyonse ikhale ndi matayala awiri apadera, jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo pa dothi lofewa, pampu, zomatira tayala, chingwe chokokera, fosholo, chikwanje ndi malita 10 a madzi a injini. Pa msewu wa mabampu a dothi phwetsani matayala pang'ono, kuchoka pa 2.4 bar kufika cha pa 1.8 bar pa geji ya mpweya, kuti galimoto isamadumphe ndiponso miyala isang'ambe tayala, ndipo mukabwerera pa phula mupope. Chimene chimaononga galimoto zambiri n'kutsika kuchokera pa Thazima. Dalaivala akaponda mabuleki njira yonse, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Tsikani pa giya yachiwiri, injini izigwira yokha galimoto.

Nthawi yopita

Palibe mwezi umene umapereka zonse. Kuyambira May mpaka October misewu ndi youma. June ndi July ndi miyezi ya chisanu chenicheni: usiku kuzizira kumatsika mpaka pa 0 kapena pansi pake, m'mawa udzu umayera mbuu, ndipo mbidzi ndi nchefu zambiri zimatsikira kumunsi kofunda, moti mlendo angayende mtunda wautali akuona mphoyo ndi njiri zokha. September ndi October kumafunda, nyama zimabwerera ku msipu wophuka pa lupsa, ndipo ku Vwaza njovu, njati ndi ngoma zimasonkhana pa nyanja ya Kazuni chifukwa madzi kwina aphwa. Kwa gulu limene likupita koyamba, miyezi iwiriyi ndiyo ndingalangize, ngakhale utsi wa moto wa tchire umaphimba mapiri akutali.

Ofuna maluwa apite mu January ndi February. Pa Nyika pali mitundu ya maluwa a orchid yopitirira 200, ndipo ambiri amamasula nthawi imeneyi, pomwe chilembwe ndi nchefu zimadya pafupi ndi Chelinda ndipo anamzeze abuluu, mbalame zosowa zimene zimabwera kudzaswana m'udzu wa pamwambapo, amakhala alipo. Koma walira mvula walira matope. Dothi lofiira la pa zitunda za Thazima limaterera kwambiri, nkhungu imatsika masana n'kubisa chilichonse chopitirira mamita 20, ndipo tinjira tina ta m'kati mwa paki ndi ta ku Vwaza sitipitika. Gulu la nthawi ya dzinja lisiye tsiku limodzi lopanda pulogalamu kumapeto kwa ulendo, ndipo aliyense wokwera ndege asaike ulendo wake tsiku lotsatira kutsika phiri.

Komwe ndalama zimathera

Anthu ambiri amaganiza kuti kungofika m'paki ndiye kuthandiza kusamala zachilengedwe. Sizikhala choncho nthawi zonse. Gulu limene lagula chakudya chonse ku Lilongwe, labwera ndi wophika wake, lagona usiku umodzi n'kubwerera, lasiya ndalama ya pa geti yokha ndi mikwingwirima ya matayala. Chimene chimasiya phindu ndi masiku. Gulu la anthu 6 logona masiku 4 ku Nyika ndi 2 ku Vwaza limalipira geti tsiku lililonse, limalemba ntchito mlonda ndi wotsogolera alendo, limagula zakudya za m'deralo, pomwe mafuta a ulendo waukulu ndi omwewo.

Kuti mumvetse chifukwa chake izi zili zofunika, kumbukirani mmene pakiyi inakulira. Mu 1978, malire atafutukulidwa, mabanja ambiri, kuphatikizapo a mtundu wa Aphoka, anasamutsidwa n'kusiya minda, manda ndi malo opembedzerapo. Ana ndi zidzukulu zawo ndi amene akukhala m'mphepete mwa Nyika ndi Vwaza lero, ndipo ndi minda yawo imene njovu ndi nguluwe zimadya. Munthu wotere sangateteze paki chifukwa choti alendo amaikonda. Amaiteteza akaona kuti ikumupatsa kanthu. N'chifukwa chake pali bungwe la anthu ozungulira malowa, Nyika-Vwaza Association, limene limalandira gawo la ndalama zimene paki yatolera kuti ligwiritse ntchito pa zitukuko za m'midzi. Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira pamodzi malo a m'malire awa, ndipo mu 2023 boma la Malawi linasaina mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe losamala zachilengedwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza.

Zonsezi zimadalira ndalama yolembedwa m'buku. Choncho pa geti lipirani mtengo wonse, wa munthu aliyense, wa galimoto ndi wa tsiku lililonse, ndipo mulandire lisiti. Wina akakuuzani kuti mungopereka theka popanda lisiti, kanani mwaulemu, chifukwa ndalama yopanda lisiti sifika ku paki kapena kumudzi. Amalawi amalipira mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso cha unzika. Abale okhala ku Johannesburg kapena ku London amene ali ndi pasipoti ya dziko lina afunsiretu gulu la mtengo limene iwo ali, kuti pasakhale kukangana pa geti. Nyamulani ndalama za m'manja, zina zikhale zing'onozing'ono. Netiweki pamwambapo ndi ya apo ndi apo, moti Airtel Money ndi Mpamba musazidalire.

Ngati mukupita kudzera ku kampani yokonza maulendo, ifunseni mafunso olunjika musanalipire. Kodi mtengowu ukuphatikiza ndalama za pa geti, ndipo tidzaona malisiti? Antchito angati ndi ochokera ku Rumphi, Chitipa kapena Karonga? Onyamula katundu amalandira zingati patsiku, ndipo amagona pati, afunda chiyani? Kampani yochita bwino imayankha ndi manambala. Imene imangoti "timathandiza anthu akumudzi" osatchula mudzi kapena ndalama, muikayikire.

Zakudya zouma mugule ku Mzuzu, koma tomato, anyezi, mbatatesi, nyemba, mazira, nthochi ndi ufa mugule pa Rumphi ndi pa Bolero. Uchi ndiwo woyenera kuufunafuna. Magulu a alimi a njuchi amapachika ming'oma m'mbali mwa paki mogwirizana ndi akuluakulu a paki, ndipo mwini mng'oma ndiye woyamba kudana ndi moto wolusa chifukwa umamuotchera chuma chake. Botolo la uchi limene mwagula kwa iye lateteza mitengo imene simudzaiona n'komwe. Pogula, moni wa Chitumbuka amatsegula mitima: "Monire", "Muli uli?", ndipo pothokoza "Yewo chomene". Kwa akuluakulu nenani "adada" ndi "amama".

Pali zinthu ziwiri zosayenera kugula. Choyamba ndi nyama yowamba ya m'tchire, ngakhale wogulitsa anene kuti ndi ya mbuzi. Yambiri imachokera mu misampha ya waya, ndipo waya sasankha: amagwira gwape, mwana wa mbidzi, mwendo wa fisi, chitamba cha njovu. Chachiwiri ndi chinaka kapena chikanda chosadziwika kochokera. Ndiwo imeneyi imapangidwa ndi timbatata ta pansi pa maluwa a orchid, ndipo msika wake, makamaka wa ku Zambia, wakula kwambiri moti okumba amalowa m'madambo a Nyika n'kuzula matumba athunthu. Kambatata kakazulidwa, chomera chatha. Pachifukwa chomwecho, mukajambula duwa losowa, zimitsani GPS ya kamera kapena ya foni musanaike chithunzi pa Facebook, ndipo musatchule dambo lenileni.

Kuyenda wapansi

Nyika imakoma kwambiri poyenda wapansi. Njira yodziwika ndi ya kuchokera ku Chelinda kukatsikira ku Livingstonia, ya masiku atatu ndi mausiku awiri m'matenti. Pamafunika mlonda wa paki wa mfuti, ndipo mumupemphe kukadali milungu iwiri kapena itatu, chifukwa alonda ndi ochepa ndipo ntchito yawo yoyamba ndi kulondera. Njovu zilipo: kuwonjezera pa zakale, mu 2017 anasamutsirako 34 kuchokera ku Liwonde. Mlonda akati imani, imani. Akati bwererani, bwererani osathamanga, osafunsa mafunso mpaka mutafika pabwino.

Wonyamula katundu mmodzi asasenze zopitirira makilogalamu 18, kuphatikizapo zake. Tengani sikelo ya m'manja muyeze pamaso pa onse. Gwirizanani malipiro a tsiku lililonse musananyamuke, muwerengere ndi ulendo wawo wobwerera, chifukwa inu mukafika ku Livingstonia n'kukwera galimoto, iwo atsala ndi mtunda wonse. Chakudya chawo, tenti yawo ndi mabulangete awiri aliyense ndi udindo wa gulu. Zimachitika kuti alendo agona m'zikwama zofunda pomwe onyamula katundu akuchezera kuwotha moto usiku wonse atavala malaya amodzi, kenako m'mawa n'kusenza katundu. Zimenezi n'zochititsa manyazi ndipo n'zoopsa, ndiponso moto wa usiku wonse umatha nkhuni za m'tinkhalango tating'ono timene tinatenga zaka mazana kuti tikule. Polipira, mupatseni aliyense m'manja mwake.

Pa mamita 2,300 madzi amawira asanatenthe mokwanira, cha pa madigiri 92, choncho nyemba zouma zimatha maola ambiri ndi gasi wambiri. Ziviikeni usiku wonse, kapena tengani soya, usipa, chiponde, mpunga ndi ufa. Silinda ya gasi ya makilogalamu 3 imakwanira anthu 8 masiku atatu ngati mukuphika movindikira ndi motchinga mphepo. Munthu aliyense amwe malita 3 patsiku ngakhale kukuzizira, chifukwa mutu umene ambiri amamva tsiku loyamba umabwera ndi kukwera msanga komanso ludzu losazindikira. Dzuwa la pamwambapo limaotcha khungu ngakhale mphepo ikuzizira, choncho chipewa n'chofunika.

Madzi a m'timitsinje ta Nyika amaoneka oyera, komabe muwawiritse kapena kuthira mankhwala. Ndipo muwasamale, chifukwa mitsinje ngati North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi Wovwe imayambira pamenepa, ndipo kumunsi anthu amamwa, kuthirira mpunga ndi kupangira magetsi. Sambani ndi kutsuka mbale patali ndi mtsinje, mutatunga m'ndowa. Podzithandiza, pitani mapazi 70 kuchokera pa madzi, kumbani dzenje lakuya masentimita 20, mukwirire. Pepala musaliotche. Chizolowezi chootcha pepala la kuchimbudzi chayambitsa moto m'malo ambiri a udzu, ndipo mu October udzu wa Nyika umayaka ndi kambaliwali kamodzi. Mapulasitiki, zitini ndi mabatire zibwerere nanu mpaka ku Mzuzu.

Nkhani ya moto njofunika kuimvetsa, chifukwa mudzaona malo akuda bii n'kudabwa. Antchito a paki amatentha dala zigawo zina kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse. Moto umenewo ndi wofatsa, umasiya mizere yotchinga ndiponso umabweretsa msipu. Moto wa September ndi October, umene kawirikawiri amayatsa ndi opha nyama mozemba, ndi waukali, ndipo umalowa m'mphepete mwa tinkhalango tobiriwira ta m'zigwa n'kumatichepetsa chaka ndi chaka. Nkhalango ya mitengo ya juniper kum'mwera chakum'mawa kwa paki yatsala yaing'ono chifukwa cha moto wotere. Mukaona utsi, lembani malo ndi nthawi, muuze mlonda kapena ofesi ya ku Chelinda. Musayese kuzimitsa nokha. Mphepo ya pa chitunda imatembenuka mwadzidzidzi.

Pa galimoto, musachoke mu msewu ngakhale chilembwe chili pafupi ndipo udzu ukuoneka wosalala. Mkwingwirima wa tayala pa malo otsetsereka umasanduka ngalande mvula ikagwa, ndipo dothi lakuda la m'madambo limameza galimoto mpaka m'mimba. Nyama zimayandikira zokha mukazimitsa injini n'kukhala chete mphindi 20 pa malo ngati Chosi kapena pa madamu a Chelinda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ulendo wausiku wofuna akambuku ndi afisi, tochi yaikulu ikhale imodzi, m'manja mwa wotsogolera, ndipo isaunikire m'maso mwa mphoyo kapena gwape kopitirira masekondi ochepa, chifukwa nyama yothobwa m'maso imagwidwa mosavuta. Pa nyanja ya Kaulime, imene anthu a m'derali amailemekeza kuyambira kale pa miyambo yopempha mvula, musasambemo kapena kuponyamo zinthu. Wofuna kuulutsa drone apemphe chilolezo asananyamuke kwawo.

Vwaza ndi kashembe

Ku Vwaza zambiri zimachitikira pa Kazuni, ndipo simufunika kuyenda mtunda wautali. Mvuu zimakhala m'madzi masana n'kutuluka kukadya usiku, choncho musamange tenti pa kanjira kotuluka m'madzi, ndipo m'mamawa musadutse pakati pa mvuu ndi nyanja. Njovu zimadutsa pa msasa penipeni. Malalanje ndi zipatso zina zonunkhira zikhale m'bokosi lotseka m'galimoto, osati m'tenti. Mukakumana nazo pa msewu imani patali mamita 50 kapena kuposa, galimoto italoza kothawira, ndipo ngati pali ana onjezerani mtunda. Anyani musawapatse chakudya, chifukwa nyani wozolowera kulanda mapeto ake amaomberedwa.

Chimene gulu lililonse liyenera kukambirana lisanalowe ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imafalitsa matenda a kaodzera, ndipo dera lozungulira Vwaza ndi limodzi mwa madera amene matendawa amapezeka kwambiri m'Malawi. Imakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda komanso zinthu zoyenda, n'chifukwa chake nsalu za misampha yake zimene mudzaone m'mbali mwa msewu zili za mitundu imeneyi. Musazikhudze, zili ndi mankhwala. Valani zotuwa kapena za khaki, zochindikala pang'ono, za manja aatali, chifukwa imaluma kupyola nsalu yopyapyala, ndipo mankhwala odzola othamangitsa udzudzu saiopsa kwenikweni. Podutsa m'tchire lowirira tsekani mawindo, ndipo potuluka pa geti yang'anani m'galimoto muphe zimene zalowa kuti musapite nazo kumidzi.

Kashembe wambiri alibe tizilombo, ndipo kulumidwa kamodzi si chifukwa chochitira mantha. Choopsa n'chakuti matendawa amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, nthawi zina ndi chotupa chofiira chopweteka pamene panalumidwa, pakatha sabata imodzi mpaka itatu. Mtundu wa kaodzera wa kuno umathamanga, ndipo ukapanda kuchizidwa umapha m'milungu kapena miyezi yochepa. Aliyense wa m'gulu amene watentha thupi mwezi usanathe chibwerereni apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anene momveka kuti anali ku Vwaza ndipo analumidwa ndi kashembe, makamaka ngati kuyeza malungo sikunapeze kanthu kapena mankhwala a malungo sakuthandiza. Chipatala cha boma cha Rumphi chili ndi luso pa matendawa. Amene abwerera ku South Africa kapena ku Britain atchule dzina lakuti trypanosomiasis kwa dokotala, popeza kumeneko sadzaliganizira okha. Wotsogolera gulu alembe manambala a foni a onse, ndipo patatha milungu itatu awaimbire mmodzimmodzi kufunsa mmene akupezera.